Sikelo ya Pamsika: Kodi Kilogalamu Njayani?

(NYIMBO YOTSEGULIRA: ng'oma ndi mangolongondo, kenaka zitsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya maphunziro, mmene timapenda nkhani zimene anthu amatsutsana tsiku ndi tsiku m'misika, m'maminibasi ndi pabwalo la bawo. Lero tikamba za sikelo: chiyambi chake, kagwiridwe kake ka ntchito, manamidwe ake, ndi zimene malamulo a dziko lino anena za iyo. Khalani pansi, mutchere khutu.



WOKAMBA: Mvula ikakata, mapesi akauma, ngolo zikayamba kulira m'njira zochokera kuminda, pamisika ya dziko lino, kuyambira ku Jenda kufikira ku Lunzu, kudzera pa Mponela, pa Mitundu ndi pa Lizulu, pamaoneka chinthu chimene mwana aliyense wakumudzi amachidziwa: mitengo itatu yomangidwa pamodzi kunsonga, sikelo yolendewera pakati pake, ndi mnyamata wa kachikwama m'chiuno amene amaitana aliyense wodutsa ndi thumba panjinga. Pansi pa sikelo imeneyo m'pamene pamathera thukuta la dzinja lonse, pakuti kusosa, kubzala, kupalira, kubandira ndi kukolola konse kuja kumasanduka nambala imodzi imene muvi waloza. Ndipo nambalayo ndiyo imagamula ngati mwana apita ku sekondale, ngati feteleza agulidwa, ngati nyumba ifoleredwa ndi malata.

Chotero sitidabwa kuti madzulo a tsiku la msika mikangano siitha. Woyamba amati sikelo zonse za mavenda nzakuba, bola ndowa imene maso amaiona ikudzaza. Wachiwiri amati yonama ndi sikelo ya muvi, koma ya batire, yolemba manambala, siingabe chifukwa ndi makina. Wachitatu amati gwero la zonsezi ndi ndale, ndipo masiku amene ADMARC inkagula yokha zoterezi kunalibe. Wachinayi, amene kawirikawiri amakhala wamkulu pa onsewo, amangopukusa mutu nati lamulo nla eni ndalama, mmphawi alibe mawu. Aliyense wa anthu anayiwa wagwirako choona, koma palibe wachigwira chonse. Ndipo popeza akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, tiyeni tiipende tokha milandu inayiyi, umodziumodzi, kuti pomaliza tidziwe poima.

Tiyambe ndi mnzathu wa ndowa. Makolo athu adali nayo miyeso yawo, ndipo siidali yachibwana: dengu, lichero, nsengwa, chikho, mkono ndi phazi. Miyeso imeneyi inkakwanira chifukwa osinthanawo adali anansi, odziwana mpaka kwa agogo awo, okumana pamaliro ndi pachinamwali, ndipo amene akadanyenga mnzake akadayankha pabwalo la nyakwawa mmawa mwake. Koma ndowa imayesa malo amene mbewu yatenga, siyesa kulemera kwake. Ndowa ya malita 20 yodzaza chimanga chouma mongofika m'milomo imalemera makilogalamu 14 kapena 15. Ikadzazidwa motumphuka imaposa pamenepo. Mukathiramo mtedza wosasenda imapepuka kutalitali. Ndipo ndani wa ife amene sadaone ndowa yogulira ili yotukumuka m'mbali, pamene yogulitsira ili yophwanyidwira m'kati kunsi kwake? Malonda akafika pakati pa anthu osadziwana, wina wa ku Chitipa wina wa ku Nsanje, pamafunika muyeso umene suopa nkhope ya munthu, ndipo muyeso umenewo ndi kilogalamu.

Tsono mverani kumene kilogalamu idachokera, pakuti ambiri amaiyesa chida cha olemera chimene adachipangira kupondereza alimi, pamene mbiri ikunena zosiyana. M'dziko la France, zaka zoposa mazana awiri zapitazo, chigawo chilichonse, ngakhale mzinda uliwonse, udali ndi miyeso yakeyake, ndipo eni nthaka, amene ankalandira msonkho wa tirigu kwa alimi, ndiwo ankasunga miyesoyo. Alimi ankadandaula kuti muyeso wolandirira msonkho unkangokula. M'chaka cha 1789, pamene mfumu ya dzikolo idalola kuti anthu alembe madandaulo awo, pempho limodzi lidabwera kuchokera kumbali zambiri: kuti dziko lonse likhale ndi muyeso umodzi. Akatswiri a sayansi adapatsidwa ntchitoyo, ndipo iwo, pofuna muyeso wosakhala m'manja mwa mfumu kapena mwa mwini nthaka, adaufunafuna m'chilengedwe, nagwirizana kuti kilogalamu ikhale kulemera kwa lita imodzi ya madzi. Taonani tsono: kilogalamu idabadwa m'kulira kwa alimi onyengedwa.

Pa 20 May 1875, maiko 17 adasainirana pangano mumzinda wa Paris lakuti miyeso yawo ikhale imodzi, ndipo m'chaka cha 1889 adavomereza kachitsulo kamodzi, kosanganiza platinum ndi iridium, kotalika mamilimita 39 okha, kuti ndiko kadzakhale kilogalamu ya dziko lonse lapansi. Kachitsuloko kadasungidwa m'chipinda chokhoma ku Sèvres, pafupi ndi Paris, ndipo maiko adalandira zitsulo zofanana nako zoyesera sikelo zawo. Patapita zaka ngati zana limodzi, akatswiri poyerekeza zitsulozo adapeza kuti zasiyana pafupifupi magawo 50 mwa magawo 1,000,000 a galamu imodzi, kusiyana kumene dzanja la munthu silingakumve konse. Komabe iwo adati kusiyana kumeneko nkosaloledwa. Chotero m'chaka cha 2018 maiko adagwirizana, ndipo kuyambira pa 20 May 2019 kilogalamu idaleka kudalira chitsulo chija, niyamba kudalira nambala ina ya m'chilengedwe yosasinthika, imene imatchedwa ndi dzina la katswiri wa ku Germany, Max Planck. Ngati anthu anzeru a dziko lapansi adavutika zaka zambiri chifukwa cha kagawo kosaoneka ka galamu imodzi, nanga ife tilekererenji makilogalamu asanu athunthu kusowa pathumba la mayi wamasiye?

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya maphunziro, ndipo lero tikukamba za sikelo ya pamsika. Tamva za ndowa ndi za chiyambi cha kilogalamu. Tsopano timve za mkangano wa sikelo ya muvi ndi sikelo ya batire.

WOKAMBA: M'kati mwa sikelo ya muvi, ija timakoleka thumba kungowe yake, mulibe matsenga, muli sipuling'i. M'chaka cha 1678, Mngelezi wina wa sayansi, Robert Hooke, adafalitsa chimene adapeza, chakuti sipuling'i imatamuka molingana ndi katundu amene yasenza: makilogalamu 20 amaitamula kawiri kuposa mmene makilogalamu 10 amaitamulira. Kutamuka kumeneko ndiko kumazunguza muvi. Koma sipuling'i imatopa ikasenzetsedwa katundu wopitirira mphamvu yake, imachita dzimbiri ikavumbwa, ndiponso pasikelopo pamakhala kachitsulo kopotokola kobwezera muvi pa ziro, kamene munthu wa mtima wokhota angakapotokole kuti muvi uziyambira kumbuyo kwa ziro. Ena amatsegula sikelo ndi kuikamo sipuling'i yolimba kuposa yoyenera, kotero kuti thumba la makilogalamu 50 limaoneka ngati la 45.

Kunena za sikelo ya batire, mnzathu wachiwiri uja walondola pa chimodzi: manambala ake amawerengeka bwino, ndipo palibe kutsutsana kwakuti muvi waima apa kapena apo. Koma walakwa poganiza kuti makina sanganame. M'kati mwake muli kachitsulo kamene kamapindika pang'ono kwambiri katundu akaikidwa, ndipo pakachitsulopo adamatapo timawaya tosalala timene timasintha kayendedwe ka magetsi tikatamuka. Kusinthako ndiko kamakina ka m'katimo kamasandutsa nambala. Koma kamakinako sikadziwa kokha kuti kilogalamu njotani, kamaphunzitsidwa. Munthu amaikapo chitsulo cha kulemera kodziwika, nauza sikeloyo kuti uku ndiko kulemera kwakutikwakuti. Ndipo amene angaiphunzitse choona angathenso kuiphunzitsa bodza, iyo nilibwereza mokhulupirika tsiku lonse. Palinso batani lochotsera kulemera kwa chotengera, limene likhoza kudinidwa pasadakhale. Palinso batani losinthira makilogalamu kukhala mapaundi, pamene paundi imodzi ndi magalamu 454 okha, osafika theka la kilogalamu, kotero kuti wogula nyama kapena nsomba amene sayang'ana zilembo za pambali pa nambala akhoza kulipira kilogalamu nanyamula zosakwana theka. Batire likafooka, kapena sikelo ikaikidwa pamalo opendekeka, nayonso imasokonezeka.

Pali mfundo imodzi imene ndikupemphani muisunge mumtima. Sikelo yoonongeka mwangozi imalakwa mbali zonse: ina imabera wogula, ina imabera mwini wake. Koma sikelo imene imalakwa nthawi zonse mokomera mwini wake, imene imachepetsa iye akamagula niichulukitsa iye akamagulitsa, imeneyo siidaonongeke. Idakonzedwa kuti izitero.

Nanga mlimi wopanda zida angaiyese bwanji? Safunsa adadya phula. Choyamba, musanakoleke kanthu, onani kuti muvi kapena nambala ili pa ziro. Chachiwiri, kumbukirani chiyambi chija cha kilogalamu, kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi: chigubu cha malita 5 chodzazidwa pamzere wake chiyenera kuonetsa makilogalamu 5 ndi kupitirirako pang'ono chifukwa cha chigubucho, ndipo paketi ya shuga yosatsegula iyenera kuonetsa chimene chalembedwa pamenepo. Koma popeza sikelo ina imanena zoona pa katundu wopepuka niyamba kunama pa wolemera, nkwabwino kuiyesanso ndi chigubu cha malita 20. Chachitatu, thumba likakolekedwa lilendewere lokha, osakhudza pansi, osakhudza mtengo, osakhudza bondo kapena dzanja la munthu, ndipo muimirire maso ndi maso ndi sikeloyo kufikira muvi utakhazikika. Chachinayi, musalole kuti akudulireni kilogalamu yathunthu ati nja thumba, pakuti thumba lopanda kanthu la masiku ano silifika ngakhale theka la kilogalamu. Ngati pali kukayika, likolekedwe lopanda kanthu onse aone.

Mwina wina anena kuti kilogalamu imodzi kapena ziwiri si kanthu koyambanirapo ndi munthu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Sikelo imene imadya kilogalamu imodzi pa makilogalamu 10 alionse imadya makilogalamu 5 pathumba limodzi. Mlimi wogulitsa matumba 20 wataya makilogalamu 100, ndiwo matumba awiri athunthu, chakudya chimene chikadaolotsa banja m'masabata owawa a February. Pang'onopang'ono ndi mtolo, adatero akulu, ndipo mwambiwo wakuba amaudziwanso.

Palinso nkhani ya chinyontho, imene imayambanitsa anthu ambiri popanda wolakwa weniweni. Wogula akanena kuti chimanga chanu nchosauma, si nthawi zonse pamene akunama. Chimanga chosungika bwino chiyenera kukhala ndi madzi osapitirira magawo 13 pa magawo 100 alionse. Thumba la makilogalamu 50 la chimanga chimene chili ndi madzi magawo 20 likauma kufika pa magawo 13 limatsala makilogalamu 46. Anayi enawo adali madzi, ndipo apita ndi mphepo. Chotero wogula ali ndi chifukwa chodulira mtengo wa chimanga chosauma, koma alibe chifukwa chodulira chouma pongochiluma ndi dzino nagamula yekha. Kulipo kachida koyezera chinyontho, kamene ogula akuluakulu amakhala nako. Ndipo kumudzi ilipo njira yapafupi: thirani chimanga m'botolo lagalasi louma, onjezani mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani, ndipo mulisiye kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Ukapanda kumatirira, chauma. Mlimi amene wachita zimenezi asanachoke pakhomo amafika pamsika ndi mawu olimba.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Pulogalamu yathu ikupitirira. Tsopano tafika pa mkangano wa ndale ndi wa malamulo.

WOKAMBA: Mnzathu wachitatu amakumbukira masiku a ADMARC, ndipo sitingamudzudzule, pakuti bungwelo, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, lidali ndi misika kufikira kumidzi yakutali, ndipo mlimi ankadziwa kumene akagulitse ndi mtengo umene akalandire. Koma chikumbumtima chabwino chimakumbukira mbali zonse. Amene adafufuza mbiri ya chuma cha dziko lino adaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1970 alimi ang'onoang'ono ankalipidwa mitengo yotsika poyerekeza ndi imene mbewu zawo zinkagulitsidwira kunja, ndipo phindulo linkathandiza kukuza minda ikuluikulu ya fodya. Wogula akakhala mmodzi, sikelo ikhoza kukhala yoona koma mtengo nukhala wopsinja. M'chaka cha 1987 boma lidatsegula msika kuti amalonda ena azigulanso mbewu kwa alimi, ndipo kuyambira pamenepo wogula adayamba kufika pakhomo ndi ndalama m'manja, chimene chili chabwino. Koma sikelo nazo zidachuluka, nizimwazikira m'midzi ndi m'mphambano zosawerengeka, ndipo maso oziyang'anira sadachuluke mofanana.

Apa ndiye pali ndale zenizeni za nkhaniyi, zosiyana ndi zija zonyozana pamisonkhano. Chaka ndi chaka Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo anthu amakangana ngati mtengowo wakwera mokwanira. Koma mtengo wa pa kilogalamu uli ndi phindu lanji ngati kilogalamuyo ili yabodza? Wogula akhoza kulemba mtengo wa boma pachikwangwani, naulemekeza pamaso pa onse, nabweza zake zonse kudzera kungowe ya sikelo. Chiwerengero cha oyendera sikelo, magalimoto awo ndi mafuta owafikitsa kumisika ya kumidzi zimachokera m'ndondomeko ya chuma imene aphungu amavomereza ku Nyumba ya Malamulo. Chotero pamene phungu kapena khansala abwera kudzapempha mavoti, pakati pa mafunso a mlatho ndi a mjigo pakhalenso funso ili: kodi sikelo za pamsika wathu zidayesedwa liti, ndipo mudzachitapo chiyani kuti ziziyesedwa nyengo yokolola isanayambe?

Tsopano tifike kwa mkulu uja amene amati lamulo nla eni ndalama. Ndikuyankhani mwaulemu, bambo anga, kuti malamulo alipo, ndipo adalembedwera inu. Bungwe loona za miyeso ndi ubwino wa katundu, la Malawi Bureau of Standards, limene ambiri amangoti MBS, lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Pansi pa lamulo la miyeso la chaka cha 2016, lotchedwa Metrology Act, sikelo iliyonse yochitira malonda iyenera kuyesedwa ndi bungwelo nthawi ndi nthawi, ndi kuikidwa chizindikiro chosonyeza kuti yavomerezedwa. Ndipo kuchita malonda ndi sikelo yosavomerezeka kapena yoseweretsedwa ndi mlandu. Ogwira ntchito a bungwelo amayenda ndi zitsulo zoyesera zimene zidayerekezedwa ndi miyeso ya dziko, imene nayonso imayerekezedwa ndi ya maiko ena, kotero kuti pali chingwe chosaduka kuchokera kwa akatswiri aja a ku Sèvres kufikira pamitengo itatu ya pamsika wanu. Bungwe lomwelo limayesanso mapampu a mafuta a galimoto, kuti lita ya petulo imene wakabaza wa njinga yamoto walipira ikhale lita yeniyeni.

Lilipo lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003. Lilipo lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene lidakhazikitsidwa koyamba m'chaka cha 1998 nilikonzedwanso mwatsopano m'chaka cha 2024, ndipo limapatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission mphamvu yomva madandaulo ndi kulipiritsa chindapusa amalonda achinyengo. Lilipo bungwe loima palokha lolankhulira ogula, la Consumers Association of Malawi, limene lidayamba m'chaka cha 1994. Ndipo tisaiwale kuti mlimi amene akugulitsa mu May ndi yemweyo adzagula feteleza mu November, nadzagulanso chimanga mu February, mwina kwa venda yemwe uja. Chotero lamulo la muyeso limamuteteza kawiri, pogulitsa ndi pogula.

Koma mkuluyo walondola pa ichi: lamulo lolembedwa papepala silidziyendera lokha kupita ku msika. Limadzuka pamene munthu walidzutsa ndi dandaulo lokhala ndi umboni. Mukaona chinyengo, sungani tsiku, malo, dzina limene lili pachiphaso cha wogulayo, ndi nambala ya galimoto yonyamula katunduyo. Pakhale mboni ziwiri kapena zitatu zimene zidaona chigubu cha madzi chikukolekedwa. Ngati mwagula kanthu m'sitolo, funsani lisiti ndipo mulisunge. Mukatero kauzeni komiti ya msika, a mfumu, alangizi a zaulimi, apolisi, ndi maofesi a mabungwe ndatchulawa. Chimodzi chokha ndikuletsani ndi mtima wonse: musamenye munthu, musaphwanye sikelo, musalande katundu. Sikelo yonama ndiyo umboni wanu. Mukaiphwanya mwaononga mlandu wanu, ndipo amene adalakwiridwa ndiye amakagona m'chitokosi.

Tsono, abale anga alimi, wakutsina khutu ndi mnansi. Loleni ndinene ndi za kwathu. Chinyengo cha pamsika sichili mbali imodzi. Alipo pakati pathu amene amathira mchenga ndi timiyala pansi pa thumba la soya, amene amaika fodya woipa pakati pa belo, amene amawaza madzi mtedza kuti usendeke msanga ndi kulemera pasikelo. Mtedza wonyowetsedwa umagwira chuku, ndipo chuku chimenecho chimabala poizoni wosaoneka, wosatha ndi kukazinga kapena kuphika, amene amaononga chiwindi ndipo angayambitse khansa. Wodya mtedzawo ndi mwana wa Mmalawi mnzathu, ndipo maiko akunja akapeza poizoniyo akhoza kukana mtedza wa dziko lonse. Wogula amene adapeza mchenga dzulo amabwera lero ataumitsa sipuling'i, nati akudziteteza. Mlimi amene waberedwa lero amabwera mawa ndi mchenga wochuluka, nati akubweza. Ndipo wolangika pamapeto ndi mlimi woona mtima ndi venda woona mtima, amene alipo ambiri, ngakhale mbiri yawo siimveka. Si nkhani yatsopano pansi pa thambo. Mneneri Amosi adadzudzula amalonda a m'masiku ake chifukwa cha miyeso yochepetsedwa ndi sikelo zonyenga, ndipo Korani nayo ili ndi sura yathunthu yotchedwa ndi dzina la anthu opungula muyeso. Mkhristu ndi Msilamu, amene amagulitsana pamsika umodzi, alibe pothawira: zipembedzo zonse ziwiri zimati kuba pamuyeso ndi tchimo pamaso pa Mulungu.

Tiweruze tsono milandu inayi ija. Ndowa siingatipulumutse, pakuti imanama mosavuta kuposa sikelo. Batire silingatipulumutse, pakuti makina amabwereza chimene aphunzitsidwa. Kulakalaka masiku akale sikungatipulumutse, pakuti wogula mmodzi adali ndi zolemetsa zakezake. Ndipo kutaya mtima sikungatipulumutse konse, pakuti wachinyengo amadya bwino pamene anthu aleka kufunsa. Chotipulumutsa ndi sikelo yoyesedwa, yokhala ndi chizindikiro cha boma, yoyang'aniridwa ndi anthu odziwa kuiyesa, ndi katundu woona wokolekedwa pamenepo.

Chifukwa chake ndikupempha inu mafumu, eni nthaka ndi eni anthu, kuti munthu asaimike sikelo m'mudzi mwanu asanakuonetseni chiphaso chake chogulira mbewu ndi chizindikiro cha MBS pasikelo yake. Ndikupempha inu a makalabu ndi makopaletivi, popeza mutu umodzi susenza denga, kuti musonkherane, mugule sikelo yanu imodzi, mukaiyesetse, ndipo membala aliyense aziyeza katundu wake asanakumane ndi wogula. Ndikupempha inu aphunzitsi kuti phunziro la makilogalamu ndi malita lisathere pabolodi, koma ana akoleke chigubu cha madzi ndi manja awo; ndipo inu ana, perekezani agogo anu kumsika mukawawerengere manambala. Ndikupempha inu amalonda oona mtima kuti muziyamba ndinu kuonetsa ziro ndi kulola sikelo yanu kuyesedwa, pakuti mbiri yabwino idzakubweretserani matumba ambiri kuposa amene sipuling'i yokhota ingakubereni. Ndipo inu akuluakulu a boma, tumizani oyendera sikelo kumisika ya kumidzi nyengo yogula isanatseguke, osati mbewu zitatha.

Kilogalamu si ya venda, si ya kampani, si ya chipani. Ndi ya aliyense amene akugula ndi aliyense amene akugulitsa, ndipo kupempha kuti ikhale yathunthu si chipongwe, ndi ufulu wanu. Chaka chino musakoleke thumba lanu pa sikelo imene simunaiyese.

WOULUTSA: Pulogalamu yathu ya lero yathera pomwepa. Zimene mwamvazi mukauzeko anansi anu amene alibe wailesi, ndipo tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyino. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)